Gulugufe Sawerengeranso Makasitomala

Makasitomala a make Gulugufe ankadziwa okha akafunsa funso lolakwika, chifukwa mutu unkayamba kuwawa. Mayiyu sankafulumira kuyankha ndi pakamwa, zala ndi zimene zinkayamba. Munthu akangoti, "Kodi mwanayu sanapite kusukulu lero?" mzere umene ukulukidwa nthawi imeneyo unkalimba ngati chingwe choyanikapo zovala, nsidze za kasitomala n'kukwera pamphumi.

"Mayo ine! Asisi, mukuluka kapena mukuzula?"

"Pepani, tsitsi lanu likuterera."

Tsitsilo silinkaterera ayi.

Saluni yake inali chipinda chakutsogolo cha nyumba ya lendi. Munali mpando umodzi wa kasitomala, benchi ya odikira, galasi lalikulu losweka pakona, ndi misomali pakhoma yopachikapo meshi. Pa shelefu panali zipeso, sizasi, mafuta a tsitsi ndi fulasiki ya madzi otentha oviikamo nsonga za zoluka. Kumbuyo kwa mpandowo kunali katani ya maluwa ofiira, ndipo kuseri kwa kataniyo n'kumene kunali sukulu: tebulo laling'ono, timipando tiwiri, ndi chitseko cha kabati yakale chimene bambo a mwanayo anachipaka utoto wakuda kuti chikhale bolodi.

Mayiyu payekha sukulu anaisiyira ku pulayimale. Sikuti mutu unali wouma. Mayi ake atadwala, panalibe wina woyang'anira azing'ono ake, ndipo pa mitu ya azing'ono akewo m'pamene anaphunzirira kuluka. Anakula ali munthu wosakhazikika, wodya choimirira, woti madzi akachedwa kuwira amawakalipira. Mulungu n'kumupatsa mwamuna wowotcherera zitsulo, wofatsa ngati madzi a mumtsuko, amene yankho lake pa chilichonse linali limodzi: "Tiona."

Mwana wawo wamkazi anatengera amake. Atangoyamba kuyenda ankatera apa, n'kutera apo, mpaka dzina lake lenileni linangotsala pa khadi la kuchipatala, aliyense n'kumamuti Gulugufe. Ali wamng'ono anadwala kwambiri, khutu lakumanzere n'kutsekeka. Lakumanja linkamva, koma pakakhala phokoso mawu onse ankasakanikirana ngati ulusi wa m'thumba limodzi.

Kusukulu kalasi inali yodzaza mpaka pakhomo. Make anapita kukapempha kuti mwanayo azikhala kutsogolo, aphunzitsi n'kuvomera ndi mtima wabwino. Koma m'mawa uliwonse malo akutsogolo ankatenga ndi ana a zigongono zolimba. Gulugufe ankabwera ndi makope odzaza zolemba zokongola, zokopera pa bolodi, koma ukamufunsa kuti apa walemba chiyani ankangokuyang'ana pakamwa. Anzake anamupatsa dzina lina, loti Gonthi. Kuuluka kuja kunatha. Ankalowa pageti mapewa atakwera, mutu utapendekeka, maso ali pansi.

Tsiku lina make anamuyang'ana akulowa choncho, n'kuuza mwamuna wake kuti, "Mwanayu ndizimuphunzitsa ndekha."

"Tiona," anatero bambowo.

Iye anawerengera kuti avomera.

Ankayamba m'mawa, saluni isanatsegulidwe. Ankakhala kudzanja lamanja la mwanayo, nkhope atayang'anizana naye kuti aziona milomo. Mabuku anapempha akale kwa ana a anansi, ena opanda zikuto. Masamu ankawerengera mikanda ya m'tsitsi. Zimene adzaphunzitse mawa ankayamba waziphunzira yekha lero, buku lili pa shelefu pakati pa zipeso, kasitomala wina akatuluka wina asanalowe. Mvula isanathe, Gulugufe anawerenga yekha mawu a pa paketi ya sopo, n'kuthamanga kuzungulira nyumba akufuula.

Koma saluni ndi malo oipa kwa munthu amene wachita chachilendo. Wogulitsa tomato akafunsidwa zopweteka, wogula amatenga tomato wake n'kumapita. Woluka amakhala ndi mutu wa munthu m'manja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mutuwo uli ndi pakamwa.

"Ndi za mpingo wanu kapena?"

"Nanga mayeso adzalemba bwanji?"

"Mwana wosasewera ndi anzake amakula wopusa, asisi."

"Mwangofuna wokupatsirani meshi waulere inu, nenani zoona."

Ndipo funso limene linkalasa kwambiri linkabwera motsitsa mawu, mwaulemu: "Kodi inuyo munalekezera kalasi yanji?"

Poyamba ankafotokoza zonse, za khutu, za makope, za dzina la Gonthi. Anthu ankamva theka, theka linalo n'kukalimaliza okha kumsika. Tsiku lina pampando panali mayi wina wa golosale amene msewu wonse unkamutcha Awailesi, chifukwa chimene amva m'mawa, masana chimakhala chafika kumalire a tauni. Awailesi atafunsa kachitatu kuti munthu wa pulayimale angaphunzitse chiyani, make Gulugufe anabaya chipeso m'tsitsi mwawo n'kuitana.

"Gulugufe! Tabwera ndi buku lako. Awerengere anti."

Mwanayo anatuluka kuseri kwa katani, n'kuwerenga tsamba la mbuzi. Mbuzi inadula chingwe. Inalowa m'dimba. Inadya kabichi, mwini dimba n'kuithamangitsa ndi khasu. Anawerenga osapunthwa pena paliponse. Awailesi anangoti kukamwa yasa, kenako anawomba m'manja. Aka kanali koyamba kuti wailesi imeneyo izime.

Make Gulugufe anaona kuti wapeza mankhwala. Kuyambira tsiku limenelo, funso likangotuluka katani inkatseguka. Ankasankha tsamba lomwelo, poti ndi limene silinkamuchititsa manyazi. Anamwino anaimva mbuzi, amayi a kwa telala anaimva, mkwatibwi wina anaimva atavala thaulo m'khosi. Ena ankawonjezera mayeso awoawo. "Seveni kuphatikiza eyiti?" Ena ankaweramira kukhutu lotseka lija n'kukuwa, "Ukundimva, iwe? Ukundimva?"

Patapita nthawi m'mawa munayamba kuvuta. Lero m'mimba mukupweteka. Mawa pensulo yasowa. Wina akangoti "odi" pakhomo, Gulugufe ankapezeka pansi pa tebulo. Make ankamukoka mwendo n'kumati ndi ulesi, ulesi wa kwa abambo ake.

Madzulo ena bamboyo anafika, n'kuyamba kusamba m'manja pa beseni nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Achemwali anandipeza kuntchito," anatero, osatembenuka.

Achemwali awowo, amene mwana ankawati Azakhali, anali mphunzitsi wa zaka zambiri. Ankakhala kutali, kokwera minibasi n'kukasinthanso ina, ndipo ndi amene analera bamboyo makolo atamwalira.

"Akuti teremu ikubwerayi mwana akakhale kwawo. Akalowe sukulu yawo. Akamuika kutsogolo, pamaso pawo."

"Inu mwayankha chiyani?"

"Ndati tiona."

"Tiona! Tsiku lina denga lidzakugwerani mukuona."

"Abwera Loweruka kudzalukitsa. Amuone mwanayo." Anapukuta manja, n'kumuyang'ana tsopano. "Make mwana, akapeza kuti watsalira, ine sindingawakanize. Ntchito imeneyi ndi yawo. Ndipo ndi mayi anga amene aja."

Sabata imeneyo make Gulugufe sanakhale pansi. Ankasesa posesa kale. Anadziwotcha chala ndi madzi a mufulasiki. Analuka mizere yokhota pamutu pa anamwino, n'kumasula, n'kuyambiranso. Akayang'ana kamphasa ka mwana pakona, ankakaona katapindidwa kale, katamangidwa ndi chingwe, kali pamwamba pa minibasi. Ndiye ankaitana, "Gulugufe, buku!" M'mawa mbuzi, masana mbuzi. Lachinayi anaona kuti mwanayo akuwerenga maso ali pawindo, chala chili pa mzere wina, pakamwa pakunena wina. Koma anadziuza kuti palibe kanthu, bola Loweruka asapunthwe.

Azakhali anafika m'mawa ndi chikwama chachikulu ndi magalasi olendewera pa kachingwe. Sanabwere ngati mdani. Anatulutsa masokosi ndi makrayoni a mwana, n'kumupsompsona pamphumi. Gulugufe anathokoza, n'kuzimiririka kuseri kwa katani. Azakhali anasankha zoluka zing'onozing'ono, zazitali, ntchito ya tsiku lonse. Anayamba ndi za mitengo ya zinthu, za bondo lawo, za mwana wa uje amene wathawa ukwati. Mbali imodzi ya mutu itatha, anavala magalasi.

"Mlamu, tisazungulire ngati ntchentche. Mwana ali pati?"

"Ali bwino, alamu."

"Sindinafunse za thupi."

Mzere unalimba.

"Pang'onopang'ono. Mutu uwu ukufunika m'kalasi Lolemba, muusiyireko khungu."

Make Gulugufe anakoka mpweya kuti aitane. Azakhali anakweza dzanja.

"Ngati ndi mbuzi ija, isiyeni ipume. Ndaimva kale. Mayi uja wa golosale wandiwerengera yonse ndikutsika minibasi, kuyambira chingwe mpaka kabichi. Msewu wonse uno wakhoza mayeso a mbuzi. Ine ndaphunzitsa ana ambiri, mlamu. Mwana woloweza ndimamudziwa ndisanamuone."

Mu saluni anthu sayang'anana maso ndi maso, amayankhulana pagalasi. Make Gulugufe anakweza maso kuti ayankhe, ndipo kupitirira mutu wa Azakhali, pampata wa katani, anaona mwana wake. Panalibe amene anamuitana. Anali ataima kale, buku atalikumbatira pachifuwa, mapewa atakwera, mutu utapendekeka, maso ali pansi.

Kaimidwe kameneko ankakadziwa. Ndi mmene mwanayo ankalowera pageti pochokera kusukulu. Anamuchotsa pakati pa ana omuseka, n'kudzamuimika yekha pakati pa akuluakulu omuyesa, m'nyumba mwake momwe, tsiku ndi tsiku.

Anasiya tsitsi, n'kutembenuka kuti mwanayo aone milomo.

"Gulugufe. Ika buku patebulo. Anzako akudumpha chingwe kuseri, pita."

Mwanayo anayang'ana amake, n'kuyang'ana Azakhali. "Osawerenga?"

"Osawerenga."

Buku linagwa patebulo, mapatapata n'kumveka akuthamanga mpaka kukhomo lakumbuyo.

"Mwamubisa," anatero Azakhali.

"Sindinamubise. Amene anamuchotsa kusukulu ndine, si iye. Funsani ine, alamu."

Anatenganso tsitsi. Anaphonya mzere, n'kuugawa kachiwiri.

"Chabwino. Masamu ali pati?"

"Kuphatikiza ndi kuchotsera amatha. Kuchulukitsa tayamba. Kugawa manambala aatali kumandizunguza ine ndemwe."

"Ndiye mphunzitsi wake ndi ameneyo?"

"Ndi ameneyo. Analipo wina, wa satifiketi, wamtima wabwino. Koma anali ndi ana odzaza chipinda ndi pakamwa pamodzi, mwana wanga ali ndi khutu limodzi."

"Kwanga adzakhala kutsogolo."

"M'kalasi mwanu. Nanga chaka chinacho? Nanga pabwalo pa nthawi yopuma, mudzakhala mukumuyendera pambuyo?"

Azakhali anakonza magalasi. "Mayeso adzalemba bwanji?"

"Sindikudziwa. Ndimafuna ndikufunseni inuyo, koma ndinkaopa kuti ndikafunsa mudzati mwaona, sakudziwa kanthu."

"Ndipo zimenezi mpaka liti? Mpaka adzamere mawere ali kuseri kwa katani?"

"Mpaka azitha kuwerenga yekha zimene khutu laphonya. Akafika pamenepo ndidzamuperekeza ndekha pageti. Ine sindidana ndi sukulu, alamu. Ndimailira mpaka lero."

"Mawu ndi abwino," anatero Azakhali. "Koma ndikapanda kumumva mwanayo, mlongo wanga ndimuuza kuti sindinaone kanthu."

"Mukatero mwanena zoona."

Atanena zimenezo make Gulugufe anaona kamphasa kaja kachiwiri, pamwamba pa minibasi. Pakamwa panayabwa kuti aitane, kuti mwana abwere awerenge tsamba lina lililonse, ngakhale paketi ya sopo. Analuma mlomo, n'kupitiriza kuluka.

Azakhali anasuntha pampando ngati munthu wofuna kunyamuka, n'kudziona pagalasi: mbali imodzi zoluka zogwa bwino mpaka paphewa, mbali inayo tsitsi lili njo ngati chisa cha mbalame.

"Mwachita kundikola inu. Munthu angakwiye n'kutuluka bwanji ali chonchi?"

Make Gulugufe anaseka pang'ono, mosafuna. Kusekako kunamumasula lilime.

"Mukafuna kuona zenizeni, bwerani Loweruka m'mawa ndisanatsegule. Mukhale pampando pomwepa, katani yotseka. Mumumve akulakwitsa, mundimve ine ndikulakwitsa. Koma iye osamufunsa kanthu."

"Ndimve cholakwika n'kutseka pakamwa? Ine? Mukufuna ndidwale?"

"Mudzandiuze ineyo, iye akatuluka. Ine khungu langa ndi lolimba."

Meshi inkatha pamsomali, mizere ikuwonjezereka. Kuseri kwa nyumba chingwe chinkamenya pansi, ana akuwerengera wodumpha. Mawu amodzi ankaposa onse, akuthwa, osadziwa kukula kwake, akutsutsa kuti chingwe sichinamukhudze, amunamizira, ayambirenso.

Azakhali anapendeketsa mutu. "Akufuulayo ndi iye?"

"Ndi iye."

"Chaka chatha ndinabwera kuno, sindinamve mawu ake tsiku lonse." Kenako anati, "Koma kufuula si masamu, mlamu."

"Ndikudziwa."

Bamboyo anafika dzuwa litapendeka, nsonga za zoluka zikuviikidwa m'madzi otentha. Anaima pakhomo, magalasi akuda a kuntchito ali pamphumi, osadziwa ngati alowe.

"Achemwali, mwamuona mwana?"

"Sindinamuone," anatero Azakhali, thaulo lili m'khosi, nthunzi ikukwera. "Amake akaniza."

Bamboyo anayang'ana mkazi wake. Iye anayang'ana m'beseni.

"Teremu ino akhale," anapitiriza Azakhali. "Ndizibwera Loweruka kudzakhala mbali ino ya katani ngati wakuba. Za kugawa ndiziphunzitsa amakewa, osati mwana. Teremu ikatha tidzakhalanso pansi, ndipo ndikapanda kukhutira ndidzanena poyera. Musadzati ndine woipa."

"Tiona," anatero bamboyo.

Azimayi onse awiri anatembenukira kwa iye nthawi imodzi, mpaka madzi anatayikira pansi.

"Muonenso chiyani inu?" anafunsa onse pamodzi.

Lolemba Awailesi anabwera ndi msuweni wawo wochokera kutali, wofuna mizere yopita kumbuyo. Asanakhale n'komwe pa benchi anayamba, "Asisi, tamuitanani awerengere msuweni wanga mbuzi ija. Ndamuuza njira yonse."

"Sawerengeranso makasitomala."

"Aa! Chifukwa?"

"Ali m'kalasi."

Msuweniyo anayang'ana katani pagalasi. "Kodi sapita kusukulu?"

"Amaphunzirira pakhomo. Khutu lake silifuna phokoso. Taweramani pang'ono."

Mlendoyo anadikira kuti mwina pabwera zina, koma panalibe. Zala zinafuna kulimbitsa, make Gulugufe n'kuzigwira mtima. Pa shelefu, pakati pa zipeso, panali potsegula buku la masamu limene Azakhali anasiya, ndipo akaliponyera diso ankakumbukira kuti teremu siichedwa kutha. Kuseri kwa katani kunkamveka mawu otsika, a munthu amene akudziwerengera yekha tsamba latsopano. Anapunthwa pa liwu lina lalitali, anaima, n'kuliyambiranso.